Chikuto Chopanda Masamba

Ana anga, pansi pa sutikesi yanga yobiriwira ija pali chikuto cha buku chopanda kanthu m'kati. Nonsenu munachionapo, ndipo iwe Yohane tsiku lina unafuna kuchitaya pamodzi ndi nyuzi zakale. Ndinakukalipira koma sindinakuuze chifukwa chake. Ndaganiza zolemba, pakuti ndikaiyamba pakamwa nkhani imeneyi mtima umandikwera, mawu n'kundithawa. Zaka za manambala sindizisunga bwino. Ine ndimawerengera inu.

Balaka, chaka chimene Rozi anabadwa

Ndinalowa ntchito yophunzitsa amayi zapakhomo ndili ndi Sitandade 8 basi. Nthawi imeneyo boma lathu linkatchedwa Kasupe, dzina la Machinga lisanabwere, ndipo chipani m'dziko chinali chimodzi. Anatiphunzitsa miyezi ingapo kudula zovala, kusoka, kuphika phala la ana ndi kusamala pakhomo, kenaka anatipereka m'manja mwa bwana wathu, a Matewere. Anali bambo wa tayi ndi njinga yamoto, nsapato zawo zonyezimira ngakhale m'dzinja. Ankatilankhula Chingerezi akudziwa bwino kuti sitikumva theka lake, ndipo akafuna kutinyoza m'pamene ankabwerera ku Chichewa. Tsiku lotigawa anatiuza kuti amayi akumudzi ndi matumba opanda kanthu, ntchito yathu ndi kuthiramo nzeru. Ine ndinalemba mawu amenewo m'kope langa bwinobwino. Ndinali mwana, ndinkalemba chilichonse chotuluka pakamwa pa munthu wa tayi.

Nsanama, Rozi ali kumsana

Anandituma ku Nsanama. Bambo anu anatsala ku Balaka kumene ankasoka pakhonde la sitolo, ndipo ankabwera kudzationa kamodzi pamwezi. Ponyamuka a ku ofesi anandilonjeza makina osokera awiri, nsalu, ulusi, makope ndi mapensulo. Chimene ndinapeza ndi chisakasa cha udzu kuseri kwa msika, sizasi imodzi yobuntha ndi masingano atatu. Ndinalemba kalata, ndinalembanso ina, ndi inanso. Yankho linali lomwelo, lakuti ndidikire, katundu ali m'njira. Njira imeneyo mpaka lero sinathe.

Amayi anabwera ndithu, ambiri a Chiyao, Asilamu, ena a mpingo ngati ine. Pakati pawo panali Abiti Jafali, mayi wamfupi wa zaka ngati makumi anayi, wogulitsa matemba a ku Chilwa pamsika. Ndiye analinso nakanga wa deralo, amene kwathu timati namkungwi, wolanga atsikana kumsondo, chinamwali cha Ayao. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, akuti mwabwera kudzatiphunzitsa kulera ana? Ine asanu ndi awiri, onse akuyenda ndi miyendo yawo. Inu mmodzi, ndiye ali kumsana." Amayi anaseka. Ndine munthu wodziwa kudikira, ndipo ndinadikira.

Popeza mapepala kunalibe, ndinapita kumene ankamanga sitolo ina n'kupempha amisiri matumba a simenti otha ntchito. Thumba la simenti lili ndi mapepala angapo ophatikizana. Ukawasenda mosamala, n'kuwapukuta, umapeza pepala lolimba lotha kudulirapo pateni ya diresi. Ndinkawayala pansi m'chisakasa, n'kuwatsindika ndi miyala kuti awongoke.

Masiku amenewo amayi sitinkafunsidwa ngati tikufuna kuvina. Uthenga ukangobwera kuti kukubwera akuluakulu, tinkasiya makasu ndi miphika n'kuyamba kukonzekera magule, wodwala ndi woyembekezera yemwe. Tsiku lina tikukonzekera choncho pabwalo, pa matope ofiira a katondo, mvula inabweranso mwadzidzidzi. Amayi anathamangira m'chisakasa nyimbo isanathe, ndipo ena anapitiriza kuvina momwemo, pamwamba pa mapepala anga a sabata yonse. Ndinatsala pang'ono kulira. Koma Abiti Jafali anawerama, n'kuliyang'anitsitsa pepala limodzi.

"Uyu ndi Asiyatu," anatero. "Taonani chidendene chakumanzere. Amachikoka ngati wasenza katundu wa eni."

Asiyatu, mtsikana wamtali wongokwatiwa kumene, anakana. Anamuuza kuti avinenso pambali pake, ndipo mzere unatuluka womwewo. Apo ndiye anayamba kulimbirana pepala, wina akuloza pamene mnzake anatembenukira, wina pamene anaphonya ng'oma. Amayi amene pensulo ankaigwira ngati agwira njoka anakhala mpaka dzuwa kupendeka akuwerenga pepala, ndipo palibe amene anawaphunzitsa.

Kuyambira tsiku limenelo tinkachita dala. Tikatha zosoka ndi masingano athu atatu aja, tinkayala pepala. Wina ankapaka katondo kumapazi n'kuvina. Wina tinkamumangirira makala m'manja monse muwiri, pepala tili titaligwira kukhoma, iye n'kumachita ngati akupeta, mizere n'kutuluka yokhota mbali zonse ngati mapiko a mbalame ikunyamuka. Wosinja mizere yake inali yoongoka, yakuda bii pansi pamene munsi umagwera, yopepuka pamwamba pamene munthu amapuma. Mwaye wa m'denga la khitchini tinkausakaniza ndi phala la ufa wa chinangwa kuti usafufutike. Langa linali la kutonthoza mwana. Anandimangirira khala pa mfundo ya mbereko, ndinaima moyang'ana khoma n'kumugwedeza Rozi mpaka anagona. Mizere yake imayamba yaikulu, yaukali, n'kumachepa, n'kumachepa, mpaka pamapeto pangotsala kadontho.

Munthu wongodutsa akanati ndi zokhwatchakhwatcha za ana. Koma ukakhala pansi n'kulitsatira ndi diso kuyambira pamene mzere wayambira, umazindikira kuti phewa lako layamba kuyenda lokha. Pamenepo ndiye kuti waliwerenga.

Masamba atakwana khumi ndi anayi, ndinati tisoke buku. Asiyatu analuka chikuto cha mlaza, Abiti Jafali anapereka nsalu yawo yakale yokutira, ine ndinasoka ndi chisingano cha matumba ndi ulusi wosolola pa saka. Linali lalikulu ngati lichero, lonunkhira simenti, utsi ndi matemba. Zala zanga zinatupa masiku atatu, koma sindinanyadirepo chinthu cha manja anga ngati chimenecho.

Kulakwa kwanga kunali kunyada komweko. A Matewere atabwera kudzayendera, anandikalipira pamaso pa amayi kuti miyezi yonseyi ndilibe choonetsa. M'malo mowafunsa za makina aja, ndinatulutsa buku. Analitsegula ndi zala ziwiri, n'kumatembenuza masamba akuwerenga mokweza mpaka khumi ndi anayi, kenaka anapukuta manja ndi kampango.

"Boma linakutumani kuno kuti muzidetsa mapepala ndi matope?"

Analemba zimenezo mu lipoti lawo n'kukwera njinga. Abiti Jafali anati tisadandaule, munthu amene sanapondepo matope sangadziwe phazi la mnzake.

Nsanama, Rozi akukwawa

Sitolo ija inatha kumangidwa, matumba a simenti n'kutha nayo. Titakolola, Abiti Jafali anabwera kunyumba kwanga okha, chinthu chimene anali asanachitepo. Anakhala pamkeka, anatambasula mwendo n'kundionetsa bondo lotupa ngati dzungu. Anandifunsa ngati ndinavinidwa kwathu. Ndinati inde. Ndiye anandiuza kuti bondolo likuwathera, mwina msondo wa chaka chimenecho ndi wotsiriza kuti avine okha.

"Zaka zonsezi ena amandiona ndikuvina, ine mwini wake sindinadzionepo. Ndikufuna ndione ndisanasiye."

Ankanena magule a kumsondo, amene mwamuna saaona. Ndinawauza kuti pepala latha. Iwo anati tsamba lililonse lili ndi kumbuyo.

Ndinamasula ulusi. Lachisanu masana, amuna ali kumzikiti, tinatchinga chisakasa ndi mikeka, n'kutsala amayi ovinidwa okhaokha. Tinachita choncho Lachisanu katatu mpaka kumbuyo kwa masamba onse kunadzaza. Zimene zinavinidwa mmenemo sindilemba pano. Ndingonena kuti Abiti Jafali ataona tsamba lawo loyamba analitsatira ndi diso mpaka kumapeto, kenaka anati, "Kani ndimadziwa."

Ndikusokanso bukulo anandigwira dzanja. Anati diso la mwamuna lisagwerepo, ngakhale la mwamuna wa m'nyumba mwanga. Zikamveka kuti nakanga waonetsa amuna za kumsondo, palibe mayi amene angawapatsenso mwana wake, ndipo onse amene anaponda pamapepalawo sangayendenso pamsika nkhope zili poyera. Ndinalonjeza. Bukulo ndinalikulunga m'nsalu n'kuliika pansi pa zovala za Rozi.

Patapita mwezi a Matewere anabweranso, tsopano pagalimoto, ndi mayi wina wochokera kulikulu amene anaphunzira kunja. Pakhoma la chisakasa panali kapepala kong'ambika ka wopeta, kamene sikanalowe m'buku. Mayiyo anasiya kumvera zimene a Matewere ankalongosola, anapita n'kukaima pamenepo. Ndinamuona akutsatira mzere ndi chala, ndipo ndinaona phewa lake likuyamba kuyenda. Anati kumene anaphunzira, mabuku opangidwa ndi manja otere amawasunga m'magalasi. Anafunsa ngati alipo ena. Ndisanatsegule pakamwa, a Matewere anali atayankha kale.

"Tili ndi buku lathunthu, mayi, masamba khumi ndi anayi. Ndi njira yatsopano yophunzitsira imene ndinaiyambitsa m'dera langa."

Ndi pakamwa pomwe paja panati matope. Ndinanama kuti bukulo lili kumudzi wina wakutali. Mayiyo anati palibe kanthu, adzaliona pa chionetsero cha ntchito za amayi ku Balaka, kumene kudzabwere akuluakulu a chipani. Bukulo lidzaikidwa patebulo la kutsogolo kuti aliyense atsegule.

Kalata yoitanitsa bukulo inabwera sabata yomweyo, yoyamba kufika msanga chiyambire ntchito. Ndinabereka Rozi n'kukwera basi kupita ku ofesi. Ndinapempha a Matewere kuti andipatse mapepala, ngakhale a simenti omwewo, tipange buku lina loposa loyamba. Anati mapepala kulibe, ndipo akufuna lomwelo analiwerenga ndi maso awo. Ndinayesa kuzungulira, koma pamapeto ndinanena kuti m'bukumo mwalowa za amayi zokhazokha, zimene amuna saona. Anaseka mpaka kugwira tebulo. Kenaka anasiya kuseka, anatseka chitseko, n'kuloza chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chimene chinkapachikidwa m'ofesi iliyonse.

"Amayi onse m'dziko muno ali ndi mwini wake, ndi uyo. Inu mukuti pali gule amene amayi akubisira boma? Mukufuna ndilembe choncho?"

Ana inu simungamve kulemera kwa mawu amenewo. Masiku amenewo munthu ankatengedwa chifukwa cha mawu ochepa kuposa pamenepo, ndipo abale ake sankafunsa kumene wapita. Anati lole idzabwera Lachinayi kudzatenga katundu wa chionetsero, ndipo iwo adzakhala momwemo.

Ndinadzera pakhonde la bambo anu. Sindinawauze za m'kati, ndinangoti pali lonjezo. Anaimitsa makina n'kundiuza kuti ndipereke, mapepala a simenti sangalere mwana, ndipo amayi a ku Nsanama si abale anga. Sindiwaimba mlandu. Ankaopa, ndipo anali ndi chifukwa.

Nditafika ndinawauza Abiti Jafali zonse, ndi zakuti ndine amene ndinayamba kulionetsa. Ndinkayembekeza kuti andilalatira. Anapitiriza kuunjika matemba awo, osandiyang'ana.

"Amake Rozi, ine ndinavina basi. Amene analonjeza ndi inu."

Ndinayesa njira zonse zimene mutu wanga unapeza. Kuchotsa masamba ena sikukanatheka, pakuti lililonse linali ndi kumbuyo kwake. Ndinayesa kumata tsamba ndi nsanza ndi phala la chinangwa, koma likauma linkasendeka ndi chikhadabo, ndipo katondo ankaonekera. Kulibisa n'kunena kuti latayika, akanatumiza achinyamata achipani kudzafufuza m'nyumba, ndipo akanalitsegula iwowo pabwalo. Ndinakhala masiku awiri ndikulitulutsa ndi kulibwezera pansi pa zovala.

Lachitatu masana ndinaitana amayi m'chisakasa, tinatchinga mikeka. Ndinatenga lezala. Ulusi umene ndinausoka kawiri ndi zala zotupa ndinaudula mfundo imodziimodzi, ndipo sindinalire, ndinali wokwiya kwambiri moti misozi inalibe potulukira. Ndinkaitana dzina, mwini tsamba n'kubwera, n'kulipinda, n'kulilowetsa m'chiuno mwa chitenje. Asiyatu anafunsa kuti akalisunge kuti, popeza kunyumba kuli mwamuna. Abiti Jafali anamuyankha kuti aliike mumtsuko wa nyemba, mwamuna wake chikwatirire sanayambe wayang'anamo. Amayi anaseka pang'ono, n'kutuluka mmodzimmodzi ngati anthu ochokera kumadzi. Buku linamwazika m'midzi isanu dzuwa lisanalowe.

Lole inabwera. A Matewere anatsika, ndipo ndinawapatsa chikuto ndi manja awiri, mwaulemu wonse. Anachitsegula, n'kupeza timaulusi tikulendewera.

"Masamba ali kuti?"

"Abwerera kwa eni ake, bwana."

"Eni ake ndani? Limeneli ndi buku la ofesi."

"Iyayi bwana. Ofesi inatipatsa sizasi imodzi ndi masingano atatu. Ndi izi, ngati mukuzifuna."

Sindikudziwa kumene mawu amenewo anachokera, ine amene ndinali ndisanayankhepo bwana. Anandifunsa maina a amayiwo. Ndinati lipoti lawo lomwe linati ndi matope, ndipo sindinaone chifukwa cholembera maina a anthu oponda matope. Apo anazindikira kuti akandinenera ku chipani, lipoti lija lituluka, ndipo mayi wa kulikulu adziwa amene anayambitsa njira yatsopano ndi amene anainyoza. Sichinali chifundo chimene chinandipulumutsa. Anachiponya pansi chikutocho, n'kundiuza kuti ndidzawakumbuka.

Ku chionetsero anandikakamiza kupita. Patebulo la kutsogolo panali buku la mapepala oyera, onenepa, okongola, mapepala omwe aja ankati kulibe. Alembi a muofesi anali atakhwatchamo ndi penti, atakhala pampando, mizere yopita uku ndi uku, ndipo pachikuto panali dzina la a Matewere ndi taipi. Akuluakulu anagwedeza mitu n'kudutsa. Mayi wa kulikulu anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, anaika chala pamzere, n'kuchichotsa. Phewa lake silinayende. Anandiyang'ana ndili kumbuyo kwa gulu ndi Rozi kumsana, ndipo ndikhulupirira kuti anadziwa. Koma anatseka bukulo n'kutsatira akuluakulu, naye anali ndi ntchito yake yoti aisunge. A Matewere anawaombera m'manja, ndipo chaka chotsatira anakwezedwa.

Mposa, chaka chimene Yohane anabadwa

Kalata yanga inali ya mizere itatu. Anandisamutsira kwa Mposa, kumudzi kumene basi sinkafika, ndipo mu failo yanga analembamo kuti ndine wosamvera. Mawu amenewo ananditsatira mpaka tsiku lopuma ntchito. Atsikana amene ndinawaphunzitsa kugwira singano anakhala mabwana anga, ine ndili pomwepo. Bambo anu anatha mwezi osandilankhula, kenaka ananyamula makina awo pamutu n'kunditsatira, ngakhale kumeneko osoketsa anali ochepa. Malungo amene anatsala pang'ono kukutenga iwe Yohane unadwalira kumeneko, chipatala chili kutali, ndipo ndikukunyamula m'njira ndinkatchula dzina la a Matewere pa sitepe iliyonse.

Anthu a kumpingo amandiuza kuti ndikhululuke, munthuyo anamwalira kalekale. Za kusamutsidwa ndinakhululuka. Za failo ndinayesa. Chimene chimandikanika ndi buku. Linali chinthu chabwino, chopangidwa ndi amayi amene ankatchedwa matumba opanda kanthu, ndipo linakhala lathunthu miyezi iwiri yokha. A Matewere sanaling'ambe okha. Anachititsa kuti ndilidule ine ndi manja anga, ndipo anagona bwino.

Abiti Jafali sindinawaonenso. Ndinamva kwa ogula nsomba kuti analanga atsikana zaka zina zisanu ndi chimodzi, atakhala pampando, akuloza ndi ndodo, ndipo palibe mayi amene anawamana mwana wake.

Chikutocho musachitaye, ndipo musaikemo zithunzi kapena makalata kuti chioneke chodzaza. Chikhale choncho. Pansi pake, m'nsalu yakuda, muli tsamba limodzi lopinda kanayi, langa lija la kutonthoza mwana. Rozi, limenelo ndi lako, unalijambula ndiwe ndi kulira kwako. Ukalitenge wekha, ukalione kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Yohane ndi abale ako aamuna, inu mwawerenga nkhani yake, ndipo zakukwanani. Bambo anu anakhala nalo m'nyumba imodzi zaka makumi atatu, ndipo anapita osalitembenuza.